Mwana wa pamsika akapita ku koleji, amakatolako chiyani?

Palibe nkhani imene imathamanga pamsika kuposa ya mwana amene wasankhidwa kupita ku koleji. Ikayambira ku mzere wa tomato m'mawa, pofika masana yadutsa kale kwa a kaunjika, yakhotera kwa a zitsulo, mpaka anyamata a pachiwaya aimva. Ena amaimba nthungululu, ena amabwera kudzagwira chanza, koma alipo ena amene amangoyang'ana benchi ya mayi wa mwanayo n'kumawerengera chamumtima: kodi mpamba umenewu upirira?

Musawanene kuti ndi ansanje. Wamalonda aliyense amadziwa kuti ndalama ikatuluka m'chikwama iyenera kubwera itabereka. Ukapikula matumba a mpunga umadziwa kuti pakutha pa mwezi uona chiyani. Koma ukamalipira fizi, lendi, chakudya ndi thiransipoti ya mwana kwa zaka ziwiri kapena zinayi, katundu amene ukugulayo sumuona ndi maso. Mwana amangobwera pa holide ataonda, Chingerezi chili m'kamwa, wadya, wagona, wabwerera. Nanga kumeneko amakatolako chiyani?

Funso limeneli ndiliyankha ngati mwana wa pamsika amene anapitako. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, kwathu ndi kwa Kalembo, ndipo amayi anga anandilera ndi kambuzi wa pamsika wa Ulongwe. Koleji yanga inali yaifupi, moti anzathu a ku yunivesite akamva amaseka. Asiyeni aseke. Zimene mwana wa wamalonda amakumana nazo akangotsika basi pa geti ya koleji n'zofanana, kaya akakhalako miyezi itatu kaya zaka zinayi.

Kwathu kwa Kalembo

Inu amene mumakapikula nsomba ku Mangochi, pa Ulongwe mumapadziwa. Mukachoka ku Liwonde basi imaima pamenepo, anyamata n'kuzinga mawindo ndi malonda awo. Kum'mawa kwake kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango ya Liwonde National Park, kumene njovu zinkachokera kudzatidyera chimanga m'minda. Chakumpoto kuli nyanja ya Malombe. Pamene ine ndinkakula chambo cha ku Malombe chinali chikutha, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 asodzi anali atatsamira pa kambuzi. Amayi nawo anatsamira pomwepo: beseni pamutu, thumba loyala pansi, miulu ing'onoing'ono.

Ambiri kwathu ndife Ayao, ndipo ambiri mwa ife ndife Asilamu. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni. Agogo athu ankaopa kuti mwana akalowa m'kalasi atuluka atabatizidwa, dzina atasintha, mzikiti atauiwala. Choncho anasankha madrasa, makina osokera ndi malonda. Mantha awowo anali ndi chifukwa chake, koma anatisiyira ngongole yaikulu: midzi yathunthu yopanda munthu amene anaonapo mkati mwa koleji. Mnyamata akakula, njira zinali zitatu basi: ku nyanja, kwa telala, kapena ulendo wa ku Joni.

Ine ndinafika Fomu 4 chifukwa cha liuma la amayi. Iwo sanapondepo m'kalasi, koma ankati atopa kupempha anthu kuti awawerengere makalata.

Aphunzitsi a ganyu

Pa 17 Meyi 1994 tinavota, a Bakili Muluzi a UDF n'kulowa m'boma. Boma latsopanolo linati pulayimale ikhale yaulere. Eee, zimene zinachitika! Ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Kwathu ana amene ankakhalira kuweta mbuzi ndi kuthandiza kukoka khoka anatulukira onse, ena ndevu zitayamba kale kumera. Makalasi anasefukira, mitengo ya mango inasanduka makalasi.

Aphunzitsi akanachokera kuti? Boma linalemba anthu pafupifupi 18,000 osaphunzira ntchito ya uphunzitsi, ena a JCE ena a MSCE, kutionetsa kagwiridwe ka choko kwa masabata ochepa, basi tayamba ntchito. Ine ndinali m'gulu limenelo. Anthu ena ankatitcha aphunzitsi a ganyu, ndipo aphunzitsi akale ankatiyang'ana ngati katundu wa feki.

Mu Januwale 1997 kunayamba pulogalamu yotchedwa MIITEP, yoti tiphunzire ntchito tili pantchito pomwepo. Dongosolo lake linali lotere: miyezi itatu ku koleji, miyezi 20 kubwerera ku sukulu yako uku ukuwerenga mabuku amene wapatsidwa, kenako mwezi umodzi ku koleji kukakonzekera ndi kulemba mayeso. Makoleji anali asanu ndi imodzi: Karonga, Kasungu, Lilongwe, St Joseph's ya ku Bembeke, Blantyre ndi Montfort ya ku Nguludi. Tinkapita mosinthana, gulu lina likutuluka lina likulowa. Dzina langa linatuluka mu 1998.

Chaka chomwecho Balaka inapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha. Ndiye kuti ntchito ndinayamba ndili wa ku Machinga, satifiketi ndinalandira ndili wa ku Balaka, koma nyumba ya amayi sinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Belu loitana anthu a ndevu

Ndinafika madzulo ndi sutikesi ya chitsulo, bulangete, ndowa, ndi kathumba ka kambuzi kamene amayi anakamanga mkati mwa chitenje. Poperekeza pa siteji sanandiuze zambiri. Anangoti: "Iwe, ukakafika usakaiwale kuswali. Ndipo usakakongole kwa munthu amene sudziwa kwawo."

Chodabwitsa choyamba chinali anthu ake. Ndinkaganiza kuti ndikapeza anyamata ndi atsikana. Ndinapeza abambo a mabanja awo, ena ana atatu, ndi amayi amene anasiya makanda m'manja mwa agogo. Anthu amene ku sukulu zawo ankatchedwa "aphunzitsi" ndi makolo, apa belu likalira ankathamanga ngati ana a Sitandade 1, mbale kumanja, kukaima pamzere wa phala. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anasiya mwana wa chaka chimodzi. Mafoni a m'manja kunalibe kwa anthu ngati ife. Ankadikira kalata, ndipo kalata ikachedwa tinkamuona m'maso kuti usiku sanagone. Koma m'kalasi ndiye ankatsogola. Kuchokera pamenepo, munthu akandiuza kuti mayi wa ana sangabwerere ku sukulu ndimangomuyang'ana.

Chodabwitsa chachiwiri chinali lilime langa. Kwathu sindinkadziwa kuti Chichewa changa chili ndi fungo la Chiyao, poti tonse tinkayankhula chimodzimodzi. Tsiku loyamba, wogawa nsima atandiikira, ndinati "sikomo". Mzere wonse unagwa n'kuseka. Sabata yonse aliyense wondidutsa ankati "sikomo, sikomo". Apa ndi pamene ana ambiri ochokera m'midzi amayamba kukhala chete. Amaopa kufunsa funso, amaopa kuyankha, amakhala kumbuyo. Inu kunyumba mumangomva kuti mwana "akuphunzira bwino", chonsecho teremu yonse sanatsegule pakamwa.

Amene anandimasula anali mnzanga wa bedi loyandikana nalo. Makolo ake anali a ku Rumphi. Tsono kumbukirani nthawi yake. Chisankho cha 1994 tinavota motsata zigawo: kumpoto a Chihana, pakati a Kamuzu, kummwera a Muluzi. Ndipo mu 1989 boma la Kamuzu linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, pomanena kuti a kumpoto amaphunzitsa mwachinyengo ana a zigawo zina. Nkhani imeneyi m'midzi mwathu inkakambidwa ngati yoona.

Usiku wina magetsi atazima mnzangayo anandifotokozera mbali inayo. Bambo ake anali mmodzi mwa aphunzitsi amenewo. Anaphunzitsa kummwera zaka zambiri, ana onse anabadwira kuno, kenako tsiku lina katundu pa lole, ulendo wa kumpoto. Iye anatsala kwa achibale kuti amalize sekondale. Ananena zimenezi mosakwiya, ngati munthu wofotokoza za mvula ya chaka chatha. Atamaliza anandifunsa kuti kwathu moni timati chiyani. Ndinati "Ali uli?" Iye anaseka n'kuti, "Ife timati 'Muli uli?' Nanga akutisiyanitsa pati anthuwa?"

M'mawa mwake wina atandiseka za "sikomo", iye anamuyankha kuti "yewo", n'kumufunsa kuti iyeyo amadziwa ziyankhulo zingati. Chiseko chinathera pomwepo.

Nyama, Ijuma ndi ofesi ya akuluakulu

Tsiku la nyama linali tsiku la chisangalalo ku koleji, kupatula kwa ife Asilamu. Sitinkadziwa amene wachinja ng'ombeyo, choncho tinkadya nsima ndi masamba anzathu akunyambita zala. Lachisanu masana, nthawi ya Ijuma, tinkakhala tili m'kalasi. Akuluakulu a pakolejipo sanachite zimenezi mwankhanza ayi. Palibe amene anawauzapo.

Tinali ochepa, ndipo ambiri tinakulira m'nthawi imene munthu sunkafunsa wamkulu funso. Wina anati tingopirira, miyezi itatu si zaka. Wina anati tinyanyale chakudya, poti masiku amenewo mawu akuti "ufulu" anali pakamwa pa aliyense. Apa ndinakumbukira m'mene amayi ankachitira wotolera msonkho wa pamsika akabwera iwo asanagulitse kanthu. Sankatukwana, sankathawa. Ankamupatsa moni, kumufunsa za kunyumba, kumuonetsa beseni lodzadza, n'kupangana naye nthawi yoti abwerenso.

Tinasankhana anthu atatu. Mnzanga wa ku Rumphi uja, mkulu wa kwaya ya CCAP, anati atiperekeza kuti zisaoneke ngati nkhani ya mtundu umodzi. Ndinavala malaya anga oyera okhawo. Mawondo ankagundana, chifukwa chibadwire ndinali ndisanayankhulepo ndi munthu wamkulu chotero m'Chingerezi. Tinapereka moni, tinathokoza chifukwa cha chakudya, kenako tinanena vuto lathu limodzi ndi njira yake: kuti mmodzi wa ife azipita kukachinja, ndiponso kuti phunziro la Lachisanu masana tizilibweza madzulo.

Mkuluyo anatiyang'ana kanthawi, n'kufunsa kuti, "N'chifukwa chiyani simunabwere sabata yoyamba?" Nkhani inatha m'mphindi khumi. Safunsa anadya phula.

Phunziro limenelo silinali pa ndandanda wa maphunziro, ndipo pa satifiketi yanga silinalembedwe. Koma ndalidya zaka zonsezi: pokambirana ndi mafumu za malo a sukulu, ndi makolo ofuna kukwatitsa mtsikana wa Sitandade 7, ndi mashehe pogawana nthawi ya madrasa ndi ya sukulu. Ukapita kwa wamkulu, pita ndi vuto m'dzanja limodzi, njira yake m'dzanja linalo.

Che Kambuzi

Tsopano za ndalama, poti ndi zimene mukudikira. Mu Ogasiti 1998 kwacha inagwa koopsa, ndipo amene munali kale pamsika mukukumbukira m'mene sopo, shuga ndi palafini zinadumphira mitengo. Ife ku koleji tinkafunika sopo, makope, zolembera, makandulo ndi ndalama yotumiza kunyumba. Kamalipiro kathu kankatsalira m'mabanja momwemo.

Nyemba za tsiku ndi tsiku zitayamba kutopetsa anthu, kathumba ka amayi kaja kanayamba kununkhira hositelo yonse. Wina anapempha pang'ono, winanso anapempha. Tsiku lachitatu ndinayala pepala pa sutikesi n'kuika miulu, monga m'mene ndinkachitira pa Ulongwe ndikaweruka ku sukulu. Pofika madzulo kathumba kanatha. Ndinalembera amayi kalata, mwana wa oyandikana nawo n'kuwawerengera, ndipo thumba lachiwiri linabwera ndi kondakitala wa basi amene ankawadziwa.

Dzina linabadwira pamenepo: Che Kambuzi. Ena ankalitchula monyoza, koma madzulo omwewo ankagogoda pakhomo ndi kambale. Ndinatsegula kope la ngongole ndi malamulo a amayi: ngongole yatsopano sibwera yakale isanabwezedwe, mnzako wapamtima umamupatsa ulere kamodzi koma sumukongoza, ndipo mpamba sudyedwa ngakhale njala itavuta bwanji. Pomatseka koleji ndinali ndisanapemphe amayi ngakhale tambala, ndipo ndalama ya nsomba zawo ndinawabwezera yonse ndi phindu lake.

Panali mnyamata wina amene sankagula kwa ine. Ankavala bwino, nsapato zopukuta, ndipo ankatiuza kuti bambo ake amagwira ntchito mu ofesi ku Limbe. Iye ndiye ankatsogolera kunena kuti hositelo ikununkha msika. Ankakongola kwa aliyense kuti azioneka wa m'tauni. Loweruka lina kunabwera mayi wachikulire, chitenje chofwifwa, atanyamula kamtolo ka zovala. Anali mayi ake, ogulitsa kaunjika, ndipo anabwera ndi jekete imene anamusankhira m'belo. Mnyamatayo anawalandirira kuseri kwa khitchini, n'kutiuza kuti ndi wantchito wa kunyumba kwawo.

Mayiyo anamva. Sananene kanthu. Anangomupatsa jeketeyo n'kutembenuka. Tonse amene tinaona tinasowa poyang'ana. Usiku umenewo bambo wina wamkulu wa m'chipinda chathu anamuitana n'kumuuza mawu amodzi okha: "Achimwene, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Mnyamatayo analira ngati mwana. Sabata yotsatira anabwera yekha kudzagula mulu wa kambuzi, n'kundifunsa m'mene ndimalembera kope langa. Pomatseka anali akugulitsa masokosi ndi mataye a m'belo la mayi ake, ngongole zonse atabweza.

Makolo, matenda aakulu a mwana wa pamsika ku koleji ndi manyazi amenewa. Ndiwo amamukongoletsa ndalama, ndiwo amamupezetsa anzake olakwika, ndiwo amamuchititsa kubisa njala. Ndipo amachira msanga akapeza munthu mmodzi yekha womuonetsa kuti ntchito ya makolo ake si yobisa.

Masamu a amayi

M'kalasi namo msika unanditsatira. Aphunzitsi a ku koleji ankalimbikira chinthu chotchedwa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo: timiyala, zitsekerero za mabotolo, timitengo, makatoni. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense akonze phunziro la kugawa popanda buku. Anzanga anajambula manambala pa bolodi. Ine ndinatola timiyala todzadza chipewa, n'kuuza "ana" anga, amene anali abambo ndi amayi a ndevu ndi maduku, kuti ili ndi beseni la kambuzi. Mwaligula mwakuti, basi mwalipira mwakuti, tikiti ya msika mwakuti. Muike miulu ingati, ya ndalama zingati, kuti mubweze zonse n'kutsala ndi ya ndiwo?

Kalasi inasanduka msika. Anthu anakangana, anawerengera, anabwereza. Mphunzitsi wathu atafunsa kumene ndinaphunzira njira imeneyi, ndinati kwa amayi. Anafunsa kuti amayiwo anaphunzira koleji iti. Nditayankha kuti sadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, iye anauza kalasi yonse kuti: "Mwamva? Kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, zonse m'mutu, tsiku lililonse. Ana amene mukawaphunzitse akuchokera m'nyumba zoterozo. Musakawayese mbiya zopanda kanthu."

Miyezi 20 yotsatira ndinali kwathu, masana kuphunzitsa, usiku kuwerenga mabuku a MIITEP pa koloboyi, nthawi zina kupalasa njinga kupita ku TDC kukakumana ndi a PEA ndi anzanga a m'zoni. Ana a Sitandade 1 kwa Kalembo amabwera akudziwa Chiyao chokha, buku lili m'Chichewa, mayeso akutsogolo ali m'Chingerezi. Ine amene ndinasekedwapo chifukwa cha "sikomo" ndinkadziwa chimene mwana amamva akalakwitsa liwu anzake n'kuseka. M'kalasi mwanga lamulo linali limodzi: woseka mnzake atiuze liwu lomwelo m'ziyankhulo ziwiri.

Ana a lero

Zambiri zasintha. MIITEP inatha, m'malo mwake kunabwera IPTE ya zaka ziwiri. Mwana wa kwa Kalembo wofuna uphunzitsi ali ndi koleji pafupi, ya Machinga, kufupi ndi Liwonde, ndipo wofuna kuphunzitsa ku sekondale Domasi si patali. Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lokongoza ophunzira a m'mayunivesite, ndipo dziwani kuti imeneyo ndi ngongole, imabwezedwa. Mu 2016 ophunzira a University of Malawi anachita zionetsero fizi itakwezedwa. Mu 2021 yunivesiteyo inagawidwa patatu: Chancellor College ya ku Zomba inatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Choncho mwana akakuuzani kuti wasankhidwira ku MUBAS musadabwe, ndi ku Poly komwe kuja.

Koma mtima wa mwana wotsika basi pa geti sunasinthe. Ndinaziona pa mwana wa mlongo wanga, mtsikana woyamba m'banja lathu kupita ku yunivesite. Kwathu mwana wa mlongo ndi udindo wa malume, choncho foni zake zinkabwera kwa ine. Ife tinkagona m'hositelo n'kumadya za koleji. Iye malo a m'kati sanapeze, anachita lendi kachipinda kunja ndi anzake awiri, kudziphikira pa mbaula, makala ogula, madzi ogula. Notsi zinkabwera pa WhatsApp, ndiye kuti foni ndi bandulo zinasanduka ngati kope ndi cholembera.

Teremu yoyamba ndikamuimbira ankangoti, "Zonse zili bwino, amalume." Atabwera pa holide mayi ake anaona kuti siketi ikumuzungulira. Titamukhazika pansi ndi pamene anaulula kuti ankadya kamodzi patsiku, ndipo mnzake wina wa m'chipinda anayamba kutengedwa ndi galimoto Lachisanu lililonse n'kumabwera ndi majumbo a zinthu. Sanafune kutivutitsa, poti ankadziwa m'mene mayi ake amavutikira pabenchi.

Sitinamuonjezere ndalama, chifukwa panalibe poitenga. Mayi ake anamupatsa mpamba wa katundu: mpunga, nsinjiro ndi usipa wouma. Ankajambula pa foni, kuika pa gulu la kalasi yawo, anzake n'kumalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Taonani, ngakhale a kampani ya foni anabwereka dzina kwa inu amalonda! Pofika chaka chachitatu lendi ankalipira yekha, ndipo ndi iye amene anzake anamusankha kukayankhula ndi mwini nyumba pamene anafuna kukweza lendi pakati pa teremu. Mtsikana amene kwathu sankatha kuyang'ana munthu wamkulu m'maso.

Ndinene chilungamo: pepala la koleji si ntchito. Aphunzitsi ambiri omaliza IPTE akhalapo zaka kunyumba kudikira kulembedwa, ndipo a madigiri ambiri akuyenda ndi maenvulopu m'tauni. Anyamata a kwathu amaloza zimenezi n'kumati bola ku Joni. Zoonadi, Joni yamanga nyumba zambiri za malata m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi. Koma tinaonanso mu 2008 ndi mu 2015 anzathu akubwera pa mabasi, ena chimanjamanja, atathamangitsidwa ndi eni dziko. Njira zonse ziwiri zili ndi minga yake. Chimene ndaona ine n'chakuti pa omaliza koleji amene akudikira ntchito, amene savutika kwambiri ndi aja amene sanataye luso la pamsika. Ali ndi pepala m'sutikesi, ali ndi benchi panja. Tsiku loitanidwa likafika amapita, likachedwa sagona ndi njala.

Akabwera pa holide

Tsono inu amayi a tomato, inu abambo a kaunjika, mwana akabwera musangofunsa kuti "mayeso anayenda bwanji?" Yankho lake mukulidziwa kale, ndi "bwino". Mufunseni kuti amadya kangati patsiku, ndipo amaphika ndani. Mufunseni dzina la mnzake wapamtima ndi kwawo kwa mnzakeyo. Akatchula wa ku Karonga kapena wa ku Nsanje kondwerani, ndalama yanu ikugwira ntchito. Mufunseni ngati ali ndi ngongole kwa munthu, ndipo mufunse mofatsa, chifukwa mukakalipa sadzakuuzaninso. Mufunseni ngati anzake amadziwa ntchito imene inu mumagwira.

Mukamatumiza ndalama, muuzeni kumene yachokera: kuti iyi ndi ya mabeseni awiri, iyi ndakongola ku banki m'khonde, ndibweza mwezi wamawa. Ambiri mumabisa poti mwana asadandaule. Mwana wa zaka 20 si khanda. Akadziwa kulemera kwa ndalamayo amaigwira ndi manja awiri.

Ndipo musamuchotse pabenchi poti tsopano ndi wophunzira. Ndamva amayi ambiri akunena kuti, "Ayi, mwana wanga wa ku yunivesite asagwire nsomba." Mukumulanda chida chimene anzake a m'nyumba za mipanda alibe. Mupatseni kope la ngongole aliwerengere, mutumeni kukapikula, akambirane mtengo ndi mwini lole. Inunso mufunseni zimene waphunzira: akuonetseni kusunga mawerengero pa foni, akuwerengereni bwinobwino pepala la ngongole musanadinde chala.

Akachita tsinya n'kumati fungo la nsomba limukakamira m'malaya, musamutukwane pagulu. Mpatseni sopo, kenako muuzeni mwakachetechete kuti fizi ya teremu yamawa ili m'beseni momwemo.